Zimene alemba m'buku la bambo: hemiparesis, 2/5 ndi mawu ena a minofu

Esnart wa ku Chilomoni: Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Bambo anga anachita sitiroko, atitulutsa kuchipatala sabata yathayi. Mkono ndi mwendo wakumanzere sizikugwira bwino. M'buku lawo la kuchipatala alembamo mizere iyi, ndaikopera mmene ilili: "Left hemiparesis. Power UL 2/5, LL 3/5. Tone increased. Prevent contractures. Passive ROM. Refer physio." Amene anatitulutsa anali ndi mzere wautali wa odwala, ndiye anangoti muzikawachititsa mafizo. Kunyumba kuno aliyense akunena zake. Azakhali akuti mitsempha yauma, tiziwathowa ndi madzi otentha. Achimwene akuti tigule kampira azifinya. Ine ndikufuna ndimve kaye zimene zalembedwazi.

Chikondi, woyang'anira gulu: Pepani ndi matendawo a Esnart. A Kondwani, a Lungu, mayi Nambewe, nkhani ndi imeneyi. Enanu tiyeni tiwapatse mpata odziwawa, zotsatsa malonda zidikire.

Yamikani: Pepani asisi. Ndiyambeko ine ndi zimene tikuphunzira ku KUHeS, yunivesite ya zaumoyo. Mawu ambiri a kuchipatala ndi zidutswa zolumikiza. Hemi ndi theka, paresis ndi kufooka, ndiye hemiparesis ndi kufooka kwa mbali imodzi ya thupi. Akanalemba hemiplegia bwenzi akunena kuti mbaliyo sikusuntha n'komwe. UL ndi mkono, LL ndi mwendo. ROM ndi mtunda umene mfundo imatha kupinda ndi kuwongoka. Akati passive ndiye kuti wina ndi amene akusuntha chiwalocho, wodwala wangokhala.

Esnart wa ku Chilomoni: Zikomo achimwene. Nanga 2/5? Ine ndimaona ngati akuti mwa magawo asanu, atatu anafa.

Kondwani wa mafizo: Ayi mayi, musawerenge choncho. Uwu ndi muyeso wa mphamvu ya mnofu, umachokera pa 0 kufika pa 5. Unakhazikitsidwa ndi Medical Research Council ya ku Britain pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, poyeza asilikali ovulala minyewa, ndipo mpaka lero ndi umene timagwiritsa ntchito. Mukhoza kuuona ndi maso anu. Akhazikeni bambo pafupi ndi tebulo, muike mkono wawo pa tebulopo, pansi pake muyale kansalu koterera. Auzeni akokere dzanja ku chifuwa. Ngati palibe chikuchitika ngakhale mutagwira katumba ndi zala zanu, ndi 0. Ngati mukumva katumba kakuphethira koma mkono uli pomwepo, ndi 1. Ngati akuukwekwesa pa tebulo koma sangaunyamule, ndi 2. Apa ndi pamene pali mkono wa bambo. Akamaunyamula okha m'mwamba koma inu mutangotsinikiza pang'ono n'kugwa, ndi 3, ndipo ndi pamene pali mwendo wawo. 4 ndi wolimbana nanu koma mukuugonjetsa, 5 ndi mphamvu zonse.

Ndiye 2 si chilango cha moyo wonse. Ndi chithunzi cha tsiku limene anawayeza. Chofunika n'chakuti muzidzafananiza ndi nambala imene adzalembe ulendo wotsatira. Kusintha kwakukulu kumaoneka m'miyezi yoyambirira, makamaka itatu yoyamba, n'chifukwa chake sitifuna kuti munthu angogona kudikira kuti apezeko bwino kaye.

Esnart wa ku Chilomoni: Ndayesa pompano. Akukwekwesadi, ndipo asangalala kuona kuti ukuyenda.

Kondwani wa mafizo: Eya, ndi zimenezo. Tsopano mawu amene ndikufuna muwagwire kwambiri ndi tone ndi contracture. Mnofu wa munthu wamoyo sukhala wotayirira ngakhale ali mtulo, umakhala wokungika pang'ono. Kukungika kumeneko ndiye tone. Amene amakulamulira ndi ubongo. Kwa bambo anu vuto lili mu ubongo, mbali ya kumanja, popeza mbali imeneyo ndi imene imayendetsa thupi la kumanzere. Minofuyo payokha ilibe chilonda. Masiku oyamba chiwalo chimakhala lobodolobodo, timalemba flaccid kapena hypotonia. Pakapita nthawi chimayamba kuuma, timalemba hypertonia kapena spasticity. Ndipo chimauma motsata njira yodziwika: mkono umamatirira ku nthiti, chigongono chimapinda, dzanja limagwera mkati, zala zimafumbata. Mwendo umawongoka ngati sufuna kupinda, phazi n'kuloza pansi.

Mukausiya mkono uli chipindire masabata ndi miyezi, mnofu ndi zozungulira mfundo zimafupika zenizeni. Pamenepo ngakhale munthu wamphamvu sangauwongole. Imeneyo ndiye contracture. Spasticity imachokera ku matenda, koma contracture nthawi zambiri imapeweka, ndipo amene amaipewa ndi inu a kunyumba, osati ife amene timamuona wodwala mphindi zochepa.

Bambo Mbewe a ku Zingwangwa: Mwana wanga Esnart, mvera bwino zimene akunena a Kondwanizi. Ine ndinachita sitiroko nditangopuma ntchito ya uphunzitsi. Mawu akuti contracture anali m'buku langa, koma palibe anatimasulira. Mayi a kunyumba ankaopa kugwira mkonowo poganiza kuti andipweteka, ndiye unkangokhala pachifuwa usana ndi usiku. Pofika nthawi imene tinakumana ndi wa mafizo, zikhadabo zinali zitayamba kuboola chikhatho, mkati mwa dzanja munali mutanyowa ndipo mukununkha. Mayi anayamba kumatsegula chala chimodzichimodzi m'beseni la madzi ofunda, kusambitsa pakati pa zala, kupukuta, n'kuika kathaulo kopindapinda kuti zala zisabwerere. Zala zinatseguka. Koma chigongono mpaka lero sichiwongoka chonse, malaya ndimavala poyambira mkono umenewu.

Chimene chimandiwawa n'chakuti mankhwala ake anali manja a mkazi wanga, amene anali pomwepo tsiku lililonse. Chimene chinasowa ndi munthu woti anene m'Chichewa.

Mayi Nambewe, namwino: Pepani bambo. Zimenezi timaziona kawirikawiri ndipo zimatikhudza.

Gift wa ku Bangwe: Koma kunena zoona madokotala amalembera dala Chingerezi chovuta kuti ife tisamve. Bwanji osangolemba kuti mkono wafooka, muziuwongola?

A Lungu, kiliniko ofesa: A Gift, pa kufotokoza ndikugwirizana nanu ndi bambo Mbewe, wodwala asamatuluke asanamve. Koma pa kalembedwe ndikukana. Mawuwa si Chingerezi n'komwe, ambiri ndi Chigiriki ndi Chilatini, ndipo Mngerezi wamba nayenso amafunsa. Timawagwiritsa ntchito chifukwa buku lija limayenda. Lero lili kwa ine, mawa ku Gulupu, mkuja ku Mzuzu kapena ku Johannesburg. Ndikalemba kuti mkono wafooka, mnzanga sadziwa kuti wafooka motani. Ndikalemba 2/5 adziwa zimene ndinaona.

Ndiye taonani za azakhali aja akuti mitsempha yauma. Munthu akandiuza kuti mitsempha ikuwawa, pamakhala zinthu zinayi zimene angakhale akuloza. Pali njira za magazi. Pali minyewa yonyamula uthenga kuchoka ku ubongo, imene timati nerve. Pali chingwe cholumikiza mnofu ku fupa, chimene ndi tendon. Pali china cholumikiza fupa ndi fupa linzake pa mfundo, chimene ndi ligament. Chilichonse chili ndi matenda ake ndi chithandizo chake. Ya magazi ikatsekeka m'mwendo n'kuithowa ndi kuisisita, mukhoza kupha munthu. Nerve ikavulala, kuthowa sikuthandiza kanthu.

Tendon nonse munaiona. Mukapha nkhuku n'kudula mwendo, pamatuluka kachingwe koyera, ana amakakoka zala za nkhuku n'kufumbata. Dzanja lanu limagwira ntchito chimodzimodzi. Minofu yaikulu yopinda zala ili pa mkono, pakati pa chigongono ndi dzanja. Gwirani pamenepo n'kufumbata, mumva ikulimba. Ndiye mukafuna kutsegula zala za bambo, dziwani kuti chimene mukutambasula chili pa mkono.

Bambo Mbewe a ku Zingwangwa: A Lungu, lembani Chilatini chanucho, sitikukanizani. Koma mukatha kulemba, tembenukani muyang'ane wodwala ndi womudikirira, munene monga mwanenera za nkhukuzi. Sizinakutengereni nthawi.

A Lungu, kiliniko ofesa: Zamveka bambo. Nanunso odikirira odwala, safunsa anadya phula. Lozani mawuwo ndi chala mufunse kuti awa akutanthauza kuti kunyumba ndizikachita chiyani. Funso limenelo palibe angalizembe.

Esnart wa ku Chilomoni: Ndiye za kampira ndi kuthowa ndiwauze chiyani a kunyumba kuno?

Kondwani wa mafizo: Kampira kadikire. Minofu yopinda zala, imene timati flexors, ndi imene ikukungika kale mopitirira. Imene yafooka kwambiri ndi yotsegula, ma extensors. Ntchito yaikulu ndi kuphunzitsa dzanja kutseguka. Madzi ofunda ndi abwino, koma muziwayesa ndi chigongono chanu, chifukwa mbali yofookayo mwina sikumva kutentha ndipo akhoza kupsa osadziwa. Mphini musateme, khungu la mbali imeneyo limachedwa kupola.

Passive ROM chitani chonchi. Dzanja limodzi ligwire pamwamba pa mfundo, lina pansi pake. Sunthani pang'onopang'ono, chifukwa mnofu wa spasticity ukaukoka mwadzidzidzi umabweza mwamphamvu. Mukafika pamene pakukana, imani pomwepo muwerenge mpaka 30, musakakamize. Yambani phewa, chigongono, dzanja, zala, kenako chiuno, bondo ndi kakolo. Pa kakolo gwirani chidendene m'chikhatho, phazi litsamire pa mkono wanu, mukankhire m'mwamba. Mukutambasula katumba ka mwendo ndi Achilles tendon, chingwe chachikulu cha kuseri kwa chidendene. Chikafupika, munthu amaponda ndi zala zokha ndipo kuyenda kumavuta. Akagona, bulangete lolemera lisapanikize phazi kulozetsa pansi.

Chimodzi ndikupemphani kwambiri: musawadzutse powakoka mkono wofookawo, ndipo musawanyamule m'khwapa. Phewa limagwiridwa ndi minofu, makamaka inayi imene timati rotator cuff pamodzi ndi deltoid. Ikafooka, mutu wa fupa umatsika pang'ono pamalo pake, timalemba subluxation. Mukaika chala pamwamba pa phewa mumamva kadzenje. Ululu wake umamulepheretsa munthu kugona ndi kuchita mafizo omwe. Akakhala pansi mkono uzitsamira pa pilo kapena pa tebulo, usamalendewere.

Mayi Nambewe, namwino: Ndiwonjezere za kumeza, chifukwa nakonso ndi ntchito ya minofu ndipo anthu amaiwala. Mukaona dysphagia m'buku ndiye kuti kumeza kukuvuta. Ngakhale sanalembe, yang'anani ngati bambo akutsamwa kapena kukhosomola akamamwa madzi, kapena mawu akumveka ngati muli madzi kukhosi. Adye atakhala tsonga, osati chogona, supuni yaing'ono, phala lolimbirako. Akatha kudya yang'anani m'tsaya la kumanzere, nsima imabisala mmenemo iwo osaimva. Chakudya chikalowera ku mapapo chimabweretsa chibayo, ndipo odwala sitiroko ambiri timawataya ndi chimenecho. Mankhwala a BP asadumphitse.

Esnart wa ku Chilomoni: Za m'tsayazo ndi zoona amayi, dzulo ndinapezamo nsima. Nanga physio tingaipeze kuti?

Kondwani wa mafizo: Ku Gulupu kuli dipatimenti ya physiotherapy. Kulinso Kachere Rehabilitation Centre, ya bungwe lothandiza anthu olumala la MAP, pafupi ndi Gulupu pomwepo. Tengani buku, mawu akuti refer physio aja ndiye kalata yanu. Mupite ndi amene azidzawachititsa mafizo tsiku ndi tsiku kuti aone ndi kuyesa yekha pamaso pa wa mafizo.

Gift wa ku Bangwe: Poti akatswiri muli pano ndifunseko zanga. Lamlungu tikumenya mpira ndinathamangira bola, ndinangomva kuti thapu kuseri kwa ntchafu. Tsopano pada ndipo sindikutha kuwerama. Anzanga akuti ndabinya, ndipite akandikoke. Ku kiliniki analemba hamstring strain. Kodi si sprain?

Yamikani: Ndi zosiyana achimwene. Strain ndi kung'ambika kwa mnofu kapena tendon. Sprain ndi ya ligament, monga mukaponda molakwika kakolo n'kupindika. Hamstring ndi minofu itatu ya kuseri kwa ntchafu: biceps femoris, semitendinosus ndi semimembranosus. Imapinda bondo. Ya kutsogolo ndi quadriceps, yowongola bondo, ndipo dzina lake likutanthauza mitu inayi, monga biceps ili ndi iwiri, triceps itatu.

Kondwani wa mafizo: A Gift, asakukokeni. Palibe chaguluka choti chibwezeredwe, mnofu wang'ambika ndipo kudako ndi magazi amene atuluka mkati. Kukoka ndi kusisita mwamphamvu kumawonjezera bala. Masiku awiri kapena atatu oyamba ndi a chozizira, ayisi wokulunga m'nsalu kwa mphindi 15 mpaka 20, kumanga bandeji mosathinitsa, ndi kupuma. Kenako kuyenda pang'onopang'ono ndi mafizo olimbitsa. Bvuto la hamstring ndi lakuti ululu umatha msanga mnofu usanalimbe, munthu n'kubwerera m'bwalo, n'kung'ambanso pomwepo. Muzibwerera mukamatha kuthamanga liwiro lonse popanda kumva kanthu. Ngati mukumva dzenje pa mnofupo, kapena ululu uli m'mwamba penipeni pa fupa lokhalira, pitani akakuoneninso.

Gift wa ku Bangwe: Ndiye fainolo ya Loweruka ndaiphonya basi. Ndikumwa indosidi ndi bulufeni.

A Lungu, kiliniko ofesa: Osaphatikiza awiriwo, ndi a banja limodzi. Amakanda m'mimba ndipo amavutitsa impso. Imwani amene anakupatsani ku kiliniki, mutadya. A Esnart, bambo anu asapatsidwe mankhwala amenewa popanda dokotala, makamaka ngati ali pa asipirini.

Mayi Jere a ku Soche: Ndimangowerenga, koma apa ndifunse. Ine anandiuza kuti ndili ndi myoma m'chiberekero. Mwana wanga anayang'ana pa intaneti akuti myo ndi mnofu. M'chiberekero muli mnofu?

Mayi Nambewe, namwino: Ulimo amayi, ndipo ndi wamphamvu kwambiri, ndi umene umakankha mwana pobadwa. Dzina lake ndi myometrium. Minofu ilipo mitundu itatu. Ya pa mafupa, imene timaisuntha tikafuna, ilipo yoposa 600. Ya m'matumbo, m'chikhodzodzo, m'njira za magazi ndi m'chiberekero imagwira ntchito yokha osailamula, timati smooth muscle. Wachitatu ndi wa mtima, myocardium. Myoma ndi chotupa cha mnofu wa chiberekero, ena amati fibroid. Si khansa, ndipo amayi ambiri ali nazo osadziwa. Timazisamala zikamataitsa magazi ambiri, zikamapweteka kapena zikamalepheretsa kutenga pakati. Mukamva za opaleshoni mufunsitse: myomectomy ndi kuchotsa chotupa chokha, hysterectomy ndi kuchotsa chiberekero chonse. Musasaine pepala musanadziwe kuti ndi iti mwa ziwirizi.

Mayi Jere a ku Soche: Zikomo anamwino, mtima wakhala pansi. Ndikafunsa.

Yamikani: Kwa anzanga a chaka choyamba amene ali pagulu pano, gwirani mathero a mawu. Algia ndi ululu, ndiye myalgia ndi kuphwanya kwa minofu, konga kwa malungo kapena kwa munthu amene waswera kusenza matumba ku Limbe. Itis ndi kutupa, myositis, tendinitis. Pathy ndi matenda, myopathy. Trophy ndi kakulidwe, atrophy ndi kufota, hypertrophy ndi kukula ngati kwa onyamula zitsulo. Koma chenjerani ndi myelo, si mnofu ayi. Ndi mafuta a m'fupa kapena chingwe cha mu msana. Osteomyelitis ndi matenda a fupa. Poliomyelitis imagwira chingwe cha mu msana, mnofu umafota chifukwa uthenga wasiya kufika. Maina ena amanena okha malo ake: sternocleidomastoid ya m'khosi imachoka pa sternum, fupa la pakati pa chifuwa, ndi pa clavicle, fupa la pakati pa khosi ndi phewa, kukafika ku mastoid kuseri kwa khutu.

Bambo Mbewe a ku Zingwangwa: Poliyo ife tinakula tikuiona. M'kalasi iliyonse simunkalephera kupeza mwana wa ndodo, mwendo umodzi wowonda. MAP imene mwatchulayo poyamba inali Malawi Against Polio. Kodi inabweranso zoona?

A Lungu, kiliniko ofesa: Inapezeka bambo. Mu February 2022 boma linalengeza kuti mwana wa zaka 3 ku Lilongwe wapezeka ndi poliyo, koyamba m'dziko muno chichokereni 1992, ndipo ndi chifukwa chake kunali katemera wa khomo ndi khomo uja. Mawu oti makolo awadziwe ndi AFP, acute flaccid paralysis. Mwana aliyense wosafika zaka 15 amene mwendo kapena mkono walobodoka mwadzidzidzi, popanda kugwa kapena kuvulala, apite kuchipatala tsiku lomwelo. Timatenga chimbudzi chake kawiri kukayeza. Ambiri sapezeka ndi poliyo, koma sitingadziwe osayeza.

Mayi Nambewe, namwino: Pamenepa ndinene za jakisoni, chifukwa nayenso amalobodola phazi. IM m'buku ndi intramuscular, jakisoni wa mu mnofu. Thako ndi gluteus, koma si paliponse pobaya. Timaligawa panayi ndi maso, n'kubaya chigawo cha m'mwamba chakunja, chifukwa chapakati ndi m'munsi mumadutsa sciatic nerve yopita ku mwendo wonse. Singano ikaikhudza, mwana amalira mosiyana, ndipo pambuyo pake phazi limagwa, akuyenda chokwekwesa zala. Timalemba foot drop. Makanda sitiwabaya m'thako, timabaya kunja kwa ntchafu pa vastus lateralis, monga mumaonera pa katemera wa masabata 6, 10 ndi 14. Ndiye chonde amayi anzanga, za kubayitsa ana kwa anthu a m'makwalala amene ali ndi singano m'chikwama zitheretu. Ndasamalirapo mwana wa sukulu amene anabayidwa choncho chifukwa cha kutentha thupi chabe. Malungo ake anali oti akanatha ndi mapiritsi, koma phazi silinabwerere.

Amake Tamanda a ku Machinjiri: Anamwino mwandiopsa. Wanga sanabayidwe, koma akutsimphina. Ali ndi zaka 9. Ntchafu ya kumanja yatupa kutsogolo, yalimba gwa, ndipo akutentha thupi usiku. Anayezedwa malungo sanapezeke. Agogo ake akuti anagwa pa mpira, akumuthowa m'mawa ndi madzulo. Palibe chithupsa chikuoneka pakhungu.

A Lungu, kiliniko ofesa: Amake Tamanda, zayamba liti, ndipo bondo akulipinda? Mukagwira potupapo pakutentha kuposa ntchafu inayo?

Amake Tamanda a ku Machinjiri: Yadutsa sabata. Bondo akupinda pang'ono koma akulira. Pakutentha, ndipo khungu layamba kunyezimira. Chakudya akukana.

A Lungu, kiliniko ofesa: Pitani naye lero, musadikire mawa. Sindingamuyeze pa foni, koma zimene mwafotokozazi zikufanana ndi pyomyositis. Pyo ndi mafinya, myo ndi mnofu. Ndi chithupsa cha mkati mwa mnofu waukulu, kawirikawiri ntchafu kapena thako, ndipo kumaiko otentha ngati kuno n'chofala. Kachilombo kake nthawi zambiri ndi Staphylococcus aureus. Chimapusitsa chifukwa chili pansi kwambiri, pakhungu sipaoneka mutu, poyamba pamangolimba ngati pamene munthu wamenyedwa. Zikhozanso kukhala fupa kapena mfundo, ndipo zonsezi n'zachangu. Akamuunika ndi sikani. Ngati mafinya asonkhana amang'amba pang'ono n'kuwatulutsa, amalemba I&D m'buku, kenako mankhwala opha tizilombo. Ana ambiri amachira bwinobwino akafika msanga. Kuchedwa ndi kumene kumalowetsa tizilombo m'magazi.

Kondwani wa mafizo: Ndipo agogo asiye kuthowa ndi kusisita kuyambira pano. Chotupa chotentha cha munthu amene akutentha thupi sitichisisita. A Gift, mwaona kusiyana kwake ndi zanu? Inu munamva nthawi yeniyeni imene mnofu unang'ambika ndipo simukutentha thupi.

Amake Tamanda a ku Machinjiri: Bambo ake ali ku ntchito ku Makata, afika usiku. Ndalama ya mayendedwe ndilibe yokwanira, ndipo mwanayu sangakwere kabaza.

Mayi Nambewe, namwino: Amayi musadikire usiku. Ku Gulupu gawo la ana odwala mwadzidzidzi limalandira usana ndi usiku. Tengani buku lake, ndipo musamupatse chakudya chambiri panjira, mwina angafune kumugoneka tulo kuti atulutse mafinya. Mukafika nenani zinthu zitatu izi: kutentha thupi, ntchafu yotupa ndi yolimba, ndi kuti yadutsa sabata.

Gift wa ku Bangwe: Amayi, nditumizireni nambala yanu kumbali. Msuweni wanga amayendetsa galimoto ya hayala, pano ali ku Chirimba, ndamuimbira. Za mafuta tikambirana ife.

Chikondi, woyang'anira gulu: Zikomo a Gift. Amene angathandizeko aonane ndi ine kumbali, manambala tisaike pagulu.

Esnart wa ku Chilomoni: Mulungu akutsogolereni amake Tamanda. A Kondwani, funso lomaliza, bambo akudandaula phewa ndikakweza mkono kupitirira apa pa khutu. Ndisiye?

Kondwani wa mafizo: Musafike pa khutu. Pakali pano lekezani pamene mkono walingana ndi phewa, chikhatho chikuyang'ana m'mwamba, dzanja lanu lina litagwira fupa la kumbuyo kwa phewa kuti liziyenda limodzi ndi mkono. Kupitirira apo adzakuonetsani wa mafizo akawagwira yekha. Ululu wakuthwa ukabwera, bwererani pang'ono.

Amake Tamanda a ku Machinjiri: Tafika, amuona. Amuika kanula ndipo ayamba mankhwala. Sikani yaonetsa mafinya, akuti alowa naye ku fiyeta usiku uno. M'buku alemba "pyomyositis Rt quadriceps, for I&D, NPO". NPO ndiye chiyani?

Mayi Nambewe, namwino: Asadye kapena kumwa chilichonse kufikira atatuluka ku fiyeta, ngakhale madzi. Akalira ludzu mupukuteni milomo ndi kansalu konyowa. Rt ndi kumanja. Akatsitsimuka, anamwino a mu wodi ndi amene akuuzeni nthawi yoyamba kumumwetsa, ndipo musanatuluke mufunse za mafizo a bondo kuti ntchafuyo isaume pamene bala likupola.